Ndikafika ndi Miyendo Yanga

Mphepo ya mwera idayamba m'mamawa tsiku limenelo ndipo siidaleke. Inkaulutsa fumbi ndi masamba ouma a m'misewu ya Area 47 n'kumaziunjika pansi pa mageti. M'nyumba ya Dalton mazenera onse adali otseka, komabe mawu a Triza, mkazi wake, ankamveka mpaka kukanyumba ka mlonda.

"Afunseni nokha bambo anuwo! Afunseni kumene aswera lero. Ine pakamwa pandiuma."

Dalton adali atangofika kumene kuchokera kuntchito ku City Centre, makiyi a galimoto akadali m'manja. Adayang'ana bambo ake, a Japhet, amene adakhala pampando wawo wa pakona, ndodo ili pakati pa miyendo, nsapato zili mbuu ndi dothi lofiira.

"Bambo, mwaswera kuti?"

"Kuyenda."

"Kuyenda!" Triza adaomba m'manja kamodzi. "Kuyenda kwake kokalima kwa eni? Tamvani, Dalton. Mayi Dinah, apampando athu a amayi kutchalitchi, awapeza pamsewu ali wapansi, jekete lakale lija, ndodo m'manja. Aimitsa galimoto n'kuwafunsa ngati akufuna ganyu, poti wam'dimba wawo wapita kumaliro. Bambo anuwa osanena kuti ine ndine wakuti, ayi. Akwera mpaka ku Area 10, akumba bedi lonse la mpiru! Pomaliza akana malipiro, akuti mungokanditula pakhomo. Mayi aja kuwabweretsa, n'kuona akuloza geti lathu lino. Ine kutuluka, maso ndi maso ndi mayi Dinah. Mayi wa eni mpaka kugwada pasimenti kupepesa. Lamulungu ndikalowa bwanji m'tchalitchi?"

"Zoona zimenezi, bambo?" adafunsa Dalton.

"Nthaka yake ndi yabwino," adatero a Japhet. "Yangosowa manyowa."

Dalton adaponya makiyi patebulo nadzigwetsa pasofa. Monga bambo ake, nayenso mimba idali itayamba kukankha mabatani a malaya, ngakhale adali akadali mnyamata.

"Bambo, chimene tikukumanani pakhomo pano n'chiyani? Chipinda muli nacho chanuchanu, kanema wanuwanu. Nyama simukudya masana ndi madzulo? Mwalima moyo wanu wonse. Ino ndi nthawi yoti mupume, ife tikugwirireni ntchito."

"Adokotala anati ndiziyenda."

"Anati muziyenda, sanati muzikapempha maganyu ku Area 10."

"Anandipempha ndi mayi aja."

Triza adakhala pansi, natsitsako mawu. "Bambo, kuno si kumudzi. Kuno woyenda pansi ndi wantchito. Mukamaoneka pamsewu ndi jekete limenelo, anthu sanena kuti a Japhet akuwongola miyendo. Amati Dalton ndi mkazi wake akuzunza nkhalamba."

"Adokotala anati thupi lachuluka. Mawondo akulephera kulisenza. Shuga nayenso ali panjira," adatero a Japhet.

"Thupi limenelo ndiye ulemu wathu! Munabwera muno khosi likusambira m'kolala, anthu akutiyang'ana ngati tinakutayani. Lero aliyense akakuonani amati Dalton akusunga bwino bambo ake. Ndiye mukufuna muondenso? Mapiritsi a mawondo alipo, tikugulirani."

A Japhet adatembenuza ndodo m'manja mwawo. Sadali munthu wa mawu ambiri, ndipo chimwalirire mkazi wawo ngakhale ochepawo adali kuwaumira.

"Chiliza cha amako chayandikira," adauza Dalton. "Galimoto imathera pamtsinje. Kuchoka apo ndi chitunda mpaka kumanda."

"Zimenezo tisiyireni ife. Tiona chochita."

"Ndikafika ndi miyendo yanga."

Dalton adapukusa mutu, natsegula chitseko, naitana mlonda. A Japhet adamva zonse ali pampando pawo: kuyambira mawa lake geti lisatsegulidwe kwa madala, pokhapokha ali m'galimoto.

Chiliza chimene ankanenacho chidali cha mkazi wawo, Evelesi, amene adamwalira chaka chatha naikidwa kwawo, kuseri kwa Nkhoma. A Japhet adali mkamwini m'mudzi umenewo kuyambira paunyamata wawo. Mkazi atapita, munda udabwerera kwa eni ake, ndipo Dalton adabwera ndi galimoto kudzawatenga. Kumanda a kumeneko munthu salowako mwachisawawa. Njira imatsegulidwa pa maliro kapena pa chiliza basi. Tsiku lovundukula chiliza, kumapeto kwa mwezi wotsatira, ndilo lokhalo limene akadakaima pamene padagona Evelesi. Likadutsa limenelo, sankadziwa ngati adzapondakonso.

Masiku a m'nyumba imeneyo adali aatali. M'mawa geti linkatsegukira galimoto ya Dalton, kenaka ya Triza, n'kutsekedwanso. Kukatero kunkangoti zii. Kuseri kwa mpanda wa njerwa kunkamveka agalu a eni ndi magalimoto odutsa, koma nkhope ya munthu ayi. Chaka chathunthu a Japhet sankadziwa dzina la woyandikana naye nyumba. Eliness, mayi wogwira ntchito m'nyumbamo, ankawaikira chakudya patebulo n'kubwerera kukhitchini, poti adauzidwa kuti asamawasokose madala.

Tsiku loyamba la lamulo lija adapita kukaima pafupi ndi geti. A Gladson, mlonda wa masana amenenso ankathirira maluwa, adali amsinkhu wawo womwewo, koma ouma ngati mpini. Ankachokera ku Mtandire wapansi tsiku lililonse.

"Madala, musandiyang'ane choncho," adatero a Gladson. "Kiyi ndili naye, koma ana anga amadya za geti lomweli."

"Sindinanene kanthu."

"Maso anuwo anena. Koma dziko ili, ayi ndithu! Ine ndimalota nditakwera galimoto, inu mukulota mukuyenda pansi. Bwanji tisinthane? Inu muzipita ku Mtandire madzulo, ine ndizigona pasofa ndi kanema."

A Japhet adayang'ana kakontena ka a Gladson kamene kadali pazenera la kanyumba kaja.

"Muli chiyani umo?"

"Umphawi wokhawokha. Mbatata yophika ndi nkhwani wa dzulo."

"Tisinthane zimenezo."

Kuyambira tsiku limenelo, Eliness akangobwerera kukhitchini, a Japhet ankanyamula mbale yawo ya tchipisi ndi soseji, kapena mpunga wosambira m'mafuta, n'kupita nayo kugeti. Ankabwerako atadya mbatata, maungu, nthawi zina nyemba ndi bonongwe. A Gladson ankanyambita zala n'kumati, "Madala, mukachira msanga mundilakwira."

Ndipo adayamba kuyenda m'kati mwa mpanda. Ankayambira pakhonde, kutsata khoma, kudutsa pathanki ya madzi, kuseri kwa kanyumba ka mlonda, pansi pa mtengo wa mango, n'kubwereranso pakhonde. Masiku oyamba ankati akafika pathanki n'kugwira chitsulo, ali wefuwefu, mawondo akuyaka ngati muli makala. Bondo lakumanzere ndilo lidali louma mutu: m'mawa linkakana kupinda, likapinda n'kukana kuwongoka. Ankadzuka kusanatenthe, n'kuthira madzi ofunda m'beseni, n'kumadzithowa ndi kansalu monga ankawachitira Evelesi nthawi yokolola. Manja awo sankadziwa pofinya penipeni. Ankangothowa ponseponse.

Patapita sabata, adadutsa thanki osaigwira. Itatha ina, adayamba kuiwala kuti pali thanki. Tulo tidayamba kubwera tokha, popanda piritsi. M'mawa wina adavala jekete lawo lija, limene Evelesi adaliika chigamba pachigongono, nayesa kumanga batani lapakati. Chaka chonse batani limenelo lidali lisanakumane ndi bowo lake. Tsikulo zidatsala pang'ono kupsompsonana. Adaima pakalilole kanthawi.

"Ndikubwera, amake Dalton," adatero.

Koma kapinga sasunga chinsinsi. M'mbali mwa khoma monse mudatuluka kanjira kofiira, kosalala ngati ka kuchitsime. Triza, amene ankachoka m'mawa n'kubwera kutada, adakaona Loweruka lina pamene ankayeza malo oika tenti, poti amayi a kutchalitchi ankabwera kudzachitira msonkhano pakhomopo. Tsiku lomwelo adapezanso mbale yake ya maluwa pazenera la mlonda, muli fupa la nkhuku.

"Dalton! Tabwerani mudzaone zimene zikuchitika pakhomo panu!"

Dalton adatuluka atavala kabudula ndi nsapato zothamangira, botolo la madzi m'manja. A Japhet adali pansi pa mtengo wa mango, pakati pa ulendo wawo. A Gladson adavula chipewa.

"Kapinga ameneyu tinachita kuitanitsa, taonani mmene wathera! Ngati njira ya mbuzi! Ndiye nkhuku imene ndimagulira bambo ikuthera kugeti. A Gladson, simukuchita manyazi?"

"Ndimawapatsa ndine," adatero a Japhet. "Iwo amandipatsa zawo."

"Zawo ziti?"

"Mbatata. Nkhwani."

Triza adagwira m'chiuno, misozi ili m'maso. "Mwamva, Dalton? Apongozi anga akudya mkute wa mlonda m'nyumba mwanga. Nkhani imeneyi ikafika ku Mtandire, ikafika kumudzi, adzati Triza amamana apongozi ake chakudya. Ine ndalakwanji, bambo? Mayi anga omwe sindiwasamala chonchi."

"Simunalakwe, mayi. Mafuta ndi amene achuluka."

"Bambo," adatero Dalton, "ine sindifuna mikangano pakhomo pano. Chakudya muzidya chimene mwapatsidwa. Pakapinga musamapondepo. A Gladson, ndikadzamvanso za mbale, mudzapita."

"Ndamva, bwana."

A Japhet adayang'ana kabudula wa mwana wawo, kenaka nsapato.

"Ukupita kuti?"

"Ku jimu."

"Kukatani?"

"Kukachita masewera. Kuli makina oyendapo, ochepetsa thupi."

"Ukupita pagalimoto."

"Eya."

"Kukayenda."

A Gladson adatsokomola m'chipewa. Dalton adasuntha botolo kuchoka dzanja lina kupita lina.

"Ndi zosiyana, bambo. Kumene kuja ndi malo ake. Chabwino, Loweruka likubwerali ndidzakutengani, mukaone ngati mungathe."

Loweruka lidafika Dalton ali kumsonkhano wa kuntchito ku Salima. Linzake adali ndi ukwati wa mnzake. A Japhet sadakumbutse.

Chidawatsalira ndi kampata ka kuseri kwa nyumba, pakati pa khitchini ndi chingwe choyanikapo zovala, pamene alendo sankafikapo. Padali pafupi kwambiri, moti munthu asanayambe n'kuyenda komwe ankapezeka watembenuka. Koma padali masitepe otsikira kukhitchini, ndipo a Japhet adaganiza kuti masitepe ndi mbale wake wa chitunda. Ankakwera, kutsika, kukwera, kutsika, dzanja lili kukhoma. Nyama ankaisiya m'mbale, n'kudya masamba okongoletsera m'mbali. Kugeti adasiya kupitako, kuopa kuwaputira mlandu a Gladson. Tsopano tsiku linkatha osalankhula ndi munthu.

M'mawa wina Eliness adakolopa masitepe aja ndi sopo. A Japhet adaponda, phazi lidapita lokha, ndipo bondo lakumanzere lidamenya pangodya ya simenti. Sadakuwe. Eliness adawapeza atakhala pansi, akuyang'ana bondo likufufuma ngati mtanda wa buledi.

Kuchipatala adati fupa silidathyoke, koma mwendo upume. Adagona masiku angapo. Triza adapempha tchuthi kuntchito, nawasamala yekha ndi mtima wake wonse: tiyi wamkaka wa shuga wambiri, mandasi, msuzi wa nyama, pilo pansi pa mwendo.

"Mwaona, bambo? Si zimene tinkanena zija? Mukanakhala pansi zonsezi sizikanachitika."

A Japhet adayang'ana kudenga. Ankafuna kunena kuti pamsewu palibe sopo, koma mayiyo adali atatopa, ndipo maso ake adali achifundo chenicheni. Adamwa tiyi.

Atadzuka, chotupa chidali chitaphwa, koma mphamvu zimene adasonkhanitsa m'mbali mwa khoma zidali zitabwerera kumene zidachokera. Kuchoka kuchipinda kufika pakhonde adapuma kawiri. Jekete adangoliyang'ana pa msomali, osaliyesa.

Kutatsala masiku owerengeka kuti apite kumudzi, Dalton adafika madzulo akumwetulira. Iye ndi a Gladson adatsitsa chinthu m'galimoto nachilowetsa pabalaza. Chidali chikuku, mpando wa matayala uja amakankhirapo odwala, chatsopano, mapulasitiki akadali m'zogwirira.

"Ndazungulira Old Town yonse kuti ndichipeze," adatero Dalton. "Nkhani ya chitunda ija yatha, bambo. Pamene matayala akanike, anthu anayi adzakunyamulani ndi mpando womwe. Ndalankhula kale ndi amalume a Lexon. Tayesani kukhalapo."

A Japhet sadasunthe.

"Tayesani, bambo," adatero Triza. "N'chofewa bwino. Anthu akaone kuti muli ndi ana."

"Anthu anayi," adatero a Japhet.

"Eya, anayi. Awiri kutsogolo, awiri kumbuyo."

"Amako anawanyamula choncho. Njira yomweyo."

A Gladson adatuluka mwakachetechete natseka chitseko.

"Bambo, musatero. Si zimene ndikutanthauza."

"Tsiku langa lonyamulidwa likubwera. Udzandinyamula. Silinafike."

Dalton adakwiya, mkwiyo wa munthu amene wachita zabwino n'kusayamikiridwa. "Kodi mukufuna chiyani kwenikweni? Mukagwe pachitunda paja anthu onse akuona? Adzati chiyani za ine? Ndakusungani, ndakudyetsani, ndakugulirani chilichonse. Anzanu kumudzi akugona ndi njala, ana awo osawayang'ana n'komwe. Inu chimene mukudandaula n'chakuti tikukusamalani kwambiri?"

"Unandichotsa kumunda, sindinakane. Khasu unandilanda. Msewu unandilanda. Kapinga." Adapuma. Adali mawu ambiri kwa iwo. "Miyendo ndisiyire."

"Chikuku chikwera m'galimoto, mufune musafune."

"Chikwere."

Adadzuka ndi ndodo yawo, nachizungulira chikukucho osachikhudza, napita kuchipinda. Masiku otsalawo adayenda m'khonde la m'nyumba, kuchoka pachitseko cha chipinda chawo kufika pa cha bafa, n'kubwerera, eni nyumba akapita kuntchito.

Tsiku la chiliza kudacha kopanda mtambo, dzuwa lotentha msanga. Galimoto zidaima pamtsinje, pamene msewu umathera. Anthu a m'mudzi adali atasonkhana kale pomwepo, amayi atavala zoyera. A Lexon, mchimwene wake wa Evelesi, adathamangira a Japhet nawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Alamu! Koma ndiye mwanenepatu! Tikanakumana pamsika sindikanakudziwani. Taonani masaya! Dalton, mwana iwe Mulungu akudalitse, bambo ako ukuwasunga ngati bwana."

Amayi adavomereza, ena adalulutira. Dalton adaweramitsa mutu mwaulemu, Triza adamwetulira koyamba m'masabata ambiri. Chikuku chidatsitsidwa, ndipo anthu adachizungulira kuchisirira.

A Japhet adavala jekete lawo, losamanga batani, nawoloka pamiyala ndi ndodo yawo, nayamba kukwera.

Njirayo ankaidziwa. Adaiyendapo kambirimbiri atasenza khasu, kukakumba manda a ena. Kale inkatha asanamalize nkhani imodzi. Lero idatalika. Gulu lidayamba kuyenda pambuyo pawo mwaulemu, nyimbo ikuyenda pang'onopang'ono, koma phazi la nkhalamba lidachedwa kuposa nyimbo. Anthu adayamba kuwadutsa mmodzimmodzi, m'mbali mwa njira, maso ali pansi. Dalton ankabwera pambuyo pawo akukankha chikuku chopanda munthu, matayala akugunda m'miyala, thukuta lili kamukamu pasuti.

"Bambo, chonde. Khalanipo. Anthu akutiyang'ana."

A Japhet adapitiriza kukwera. Mpweya adalibe wowononga.

Pakati pa chitunda a Lexon adatsika mothamanga. "Dalton, abusa akuti sangadikirenso, ali ndi ukwati kumpingo wina masana ano. Alamu, lolani akunyamuleni, mwambo ungakupitirireni."

"Pitani," adatero a Japhet. "Ndikupezani."

Dalton adayang'ana kumtunda, nayang'ana bambo ake. Ndiye mwana woyamba, nsalu yophimba chiliza inkayembekeza dzanja lake. Adaimika chikuku pambali pa njira.

"Mukatopa mukhalepo. Ndituma anthu."

"Usatume."

Adatsala okha. Pafupi ndi chikukucho padali mwala wathyathyathya, ndipo adakhala pamwalapo. Bondo linkagunda ngati lili ndi mtima wakewake. Kumunsi ankaona madenga a mudzi, ndi munda umene udali wawo, wina atauotcha kale mapesi. Kumtunda, m'mitengo ya kumanda, mawu a abusa ankamveka osadziwika chimene akunena. Adadzuka. Adayenda mpaka pamtengo wa msuku, napuma. Kuchoka pamsuku mpaka pachulu, napuma. Ali pachulupo adamva nyimbo ikuleka, kenaka bata, kenaka kulira kwa amayi kukuyamba pamodzi. Adadziwa kuti nsalu yachoka.

Adaima kanthawi, chibwano chili pandodo. Kenaka adapitiriza.

Adafika anthu akutuluka kale m'mitengo. Atawaona, adapatuka uku ndi uku, nawasiyira njira. Palibe adanenanso za masaya. A Lexon adakweza dzanja kuti anthu adikire kunja kwa manda, poti kumeneko satsalako munthu yekha. Dalton adali chiimire pambali pa chiliza, nsalu yoyera yopindidwa ili pamkono.

A Japhet adayenda mpaka pamwalapo. Udali wakuda, wonyezimira, wotentha ndi dzuwa. Kugwada sakadatha. Adatsamira ndodo, nayendetsa chala pa zilembo za dzinalo kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

"Ndachedwa, amake Dalton," adatero. "Koma ndabwera ndekha."

Adakhala chiimire mpaka mwendo udayamba kunjenjemera. Dalton adayandikira, maso ali ofiira.

"Mukanalola chikuku mukanaona zonse, bambo."

A Japhet adacheukira kumbuyo, kuyang'ana kamtunda kochokera pachulu paja kufika pamene adaima. Sikadali kakutali. Mwana akadaponya mwala ukadafika.

"Kanatsala ndi aka," adatero. "Ukanatsegula geti."

Potsika Dalton adayenda pambali pa bambo ake, osawagwira, akuchepetsa phazi kuti lifanane ndi lawo. Chikuku adachita kukumbutsidwa ndi a Lexon.

Lolemba m'mawa mphepo idali itagona. A Japhet adathowa mawondo awo, navala nsapato ndi jekete, natenga ndodo. Adatuluka pakhomo lakutsogolo nthawi imene Dalton ankaliza galimoto. Triza adali pakhonde ndi kapu ya tiyi. Adawaona, nayang'ana mwamuna wake.

A Gladson adakankha geti kuti bwana adutse, mbali iyi, kenaka inayo. A Japhet adatsika pakhonde nayenda pakati penipeni pa njira ya galimoto, kutsogolo kwa mwana wawo, pang'onopang'ono, ndodo ikugogoda pasimenti. A Gladson adagwira chitsulo cha geti, maso ali kwa bwana, kudikira mawu.

Galimoto idasendera pambuyo pawo ngati ng'ombe yotopa. Hutala siidalire. Galasi silidatsike.

"Muyende bwino, madala," adatero a Gladson chapansipansi. "Akakupatsaninso ganyu, mundiitane."

A Japhet adatuluka pageti, nakhotera kumanzere, kumene msewu umakwera chitunda.